Mmene mungamvere chimbale cha Streetcleaner cha Godflesh: yambirani pansi, pa makina ndi besi

Chimbale cha Streetcleaner chinatuluka mu Novembala 1989 kudzera ku kampani ya Earache ya ku Nottingham, ndipo mpaka lero ambiri amene amachiyesa koyamba amachizimitsa nyimbo yachiwiri isanathe. Ena amati ndi phokoso lokhalokha, ena amati nyimbo zake zonse n'zofanana. Kawirikawiri vuto limakhala la kamvedwe. Munthu amabwera ndi makutu ozolowera metal yothamanga ya ma solo a gitala, n'kumadikira zinthu zimene m'chimbalemu mulibe, uku akuchiliza pa kasipika ka foni kamene sikangatulutse mbali yaikulu ya zimene zinajambulidwa. Chimbalechi anachimanga kuyambira pansi: makina a ng'oma ndiwo maziko, besi n'kukhala pamwamba pake, gitala ndi mawu n'kubwera pomaliza. Pochimvera muzitsata dongosolo lomwelo.

Dziwani kaye amene akuimba

Gulu la Godflesh ndi la ku Birmingham, mzinda wa mafakitale a zitsulo ku England, kwawonso kwa gulu la Black Sabbath. Linayamba mu 1988 ndi anthu awiri: Justin Broadrick pa gitala ndi mawu, G. C. Green pa besi. Broadrick anali ndi zaka pafupifupi 20 pamene ankajambula chimbalechi, koma anali atadutsa kale m'gulu la Napalm Death, kumene anaimba gitala pa mbali yoyamba ya chimbale cha Scum, ndiponso m'gulu la Head of David, kumene ankaimba ng'oma. Mfundo yomalizayi musaiphonye. Amene anakonza kagundidwe ka makina mu Streetcleaner ndi munthu wodziwa ng'oma ndi manja ake, ndipo anasankha dala makina.

Makinawo ndi Alesis HR-16, kabokosi kotsika mtengo kamene kanatuluka mu 1987, kokhala ndi maphokoso 49 a ng'oma zenizeni ojambulidwa pa 16-bit. Kabokosika kamalola kutsitsa kapena kukweza liwu la ng'oma iliyonse payokha, ndipo n'chifukwa chake ng'oma za m'chimbalemu zimamveka zolemera kuposa za wa ng'oma wamba. Pa mbali yachiwiri ya chimbale, kutanthauza nyimbo zisanu zomaliza, pali woimba gitala wina, Paul Neville, mnzawo wa m'gulu lawo lakale la Fall of Because.

Sankhani kope labwino

Chimbale chenichenicho chili ndi nyimbo 10, zotenga mphindi zoposa 50 pang'ono. Pa CD anawonjezera nyimbo zina 4, kuyambira Tiny Tears mpaka Suction, zimene anazijambula padera n'cholinga choti zituluke pazokha. N'zabwino, koma poyamba muziimira pa Locust Furnace, chifukwa m'pamene chimbalecho chimathera. Makope ena amaphatikiza Devastator ndi Mighty Trust Krusher kukhala nyimbo imodzi, choncho musadabwe mukaona manambala akusiyana. Mu 2010 Earache inatulutsanso chimbalechi chitakonzedwa kamvekedwe, pamodzi ndi CD yachiwiri ya zojambula zina. Kope lakale ndi la 2010 onse ndi abwino poyambira.

Chofunika kwambiri ndi mtundu wa failo. Nyimbo za phokoso lodzaza chonchi zimawonongeka msanga zikapanikizidwa kuti failo ichepe. MP3 ya 128 kbps imataya mbali ya mawu apamwamba, ndipo mudzaimva pa zitsulo za ng'oma: m'malo molira mouma, zimamveka zonyowa ndi zonjenjemera. Feedback ya gitala, kulira kotalika kumene kumabwera mawu a mu amplifaya akabwerera m'gitala, nayo imasanduka chiphokoso chimodzi chopanda mizere. Pezani MP3 ya 320 kbps, imene pa nyimbo 10 imadya pafupifupi 125 MB, kapena FLAC, imene imadya pakati pa 300 ndi 400 MB koma simataya kalikonse ka pa CD. Makope oikidwa pa YouTube ndi anthu wamba muwapewe ngati n'kotheka, poti ambiri anapanikizidwa kawiri, poyamba ndi woikayo, kenako ndi YouTube yomwe. Ngati mukumvera pa Spotify kapena pulogalamu ina yotere, lowani m'makonzedwe, kwezani mlingo wa kamvekedwe kufika pamwamba, zimitsani shuffle (yosakaniza dongosolo la nyimbo) ndi crossfade (yolowetsa nyimbo yotsatira inzake isanathe), yatsani gapless (yosasiya mpata pakati pa nyimbo). Nyimbo zina zimalowana popanda mpata, ndipo crossfade imadula mathero a feedback amene ali mbali ya nyimboyo.

Zomverera

Nsambo yotsika kwambiri ya gitala yochunidwa mwa masiku onse imalira pa 82 Hz, ya besi pa 41 Hz (nambala ya Hz ikachepa, liwu limakhala lapansi). A Godflesh amakhwefula nsambo zawo kuti zitsike kuposa pamenepo. Sipika ya foni ndi ya laputopu zimayamba kufooka kutali kwambiri zisanafike kumeneko, moti zimene mumamva ndi kukhetchera kwa nsambo ndi kukuwa kwa gitala basi, thupi lonse la nyimbo litasowa. Amene amati chimbalechi n'chopyapyala nthawi zambiri anachimvera motero.

Mahedifoni ophimba khutu lonse ndiwo njira yosavuta. Ngati muli ndi tolowetsa m'khutu, yesani timphira take tonse titatu, kakang'ono, kapakati ndi kakakulu, mpaka mutapeza kotseka bwino. Kamphira kakangosiya mpata pang'ono, besi yonse imathawira pomwepo. Muyese motere: nyimbo ikulira, kanikizani pang'ono ndi chala, besi ikachuluka mwadzidzidzi, ndiye kuti kamphirako n'kakang'ono. Waya amaposa Bluetooth yotsika mtengo, imene imapanikizanso nyimbo kachiwiri. Onaninso kuti pa foni simunayatse mono, imene imapereka mawu ofanana m'makutu onse, chifukwa mbali yachiwiri ya chimbale imafuna makutu onse awiri kuti musiyanitse magitala.

Pa masipika, iliyonse ikhale ndi woofer, sipika yaikulu ya mawu apansi, yosachepera mainchesi 5. Aikeni motalikirana mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, inu mukhale pakati pa mtunda womwewo kuchokera ku iliyonse, ma tweeter, timasipika ta mawu apamwamba, ali molingana ndi makutu anu. Asiyeni masentimita 30 mpaka 50 kuchokera kukhoma, ndipo musawaike pangodya. Pangodya besi imafufuma n'kumeza ng'oma, ndiye kugunda kulikonse kumatayika m'chimkokomo chimodzi. Cholakwika china chofala n'chosinthanitsa mawaya, wofiira polowa wakuda, pa sipika imodzi yokha. Zikatero sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimirira pakati pa chipinda. Mukaona kuti besi ikumveka bwino mukaima pafupi ndi sipika imodzi koma ikusowa mukakhala pakati, yang'anani mawaya musanagule china chilichonse.

Za EQ, pokwezera kapena kutsitsira mawu apansi, apakati ndi apamwamba, ulendo woyamba isiyeni yosalala. Bass boost muizimitse. Chimbalechi chili kale ndi besi yokwanira, ndipo mukaionjeza, amplifaya imafika pamapeto a mphamvu yake n'kuyamba kuphwanya mawu. Choipa chake n'chakuti kuphwanyika kumeneko kumabisala mkati mwa distortion ya nyimboyo, kukhadzula kwa mawu kumene oimba anaikamo dala, simukuzindikira msanga, mumangoona kuti mutu wayamba kuwawa. Ngati pakufunika kusintha, muzichepetsa m'malo moonjeza. Nyimbo ikamamveka yamatope, tsitsani 2 kapena 3 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pakati pa 200 ndi 300 Hz. Gitala ikamabaya m'khutu, tsitsani 2 dB pafupi ndi 3 kHz. Musapitirire apo, chifukwa kukhetchera kwa besi ya Green kumakhala chapakati pomwepa, ndipo mukakuchotsa mwachotsa chimene chimakuuzani nsambo imene wagunda.

Voliyumu

Khutu la munthu silimva bwino mawu apansi voliyumu ikakhala yochepa, n'chifukwa chake nyimbo zoterezi zimakukokani kuti mukweze. Pali malire ake. Pa 85 dB khutu limapirira maola 8 pa tsiku, ndipo mukaonjeza 3 dB nthawiyo imachepa ndi theka: 88 dB maola 4, 91 dB maola awiri, 94 dB ola limodzi, 100 dB mphindi 15. Ndiye kuti kumvera chimbalechi kamodzi pa 94 dB kumadya pafupifupi gawo lanu lonse la tsikulo, ndipo mahedifoni ambiri amapitirira 100 dB mukakweza mpaka kumapeto. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kusapitirira 80 dB kwa maola 40 pa sabata.

Ikani voliyumu pa nyimbo yoyamba, pamene besi yayamba kumveka ngati chinthu cholemera osati kamzere chabe, kenako chotsani dzanja. Pakatha mphindi 20 khutu limazolowera ndipo mudzafuna kukwezanso, musatero. Mukamaliza n'kumva kulira m'makutu kapena mawu a anthu akumveka ngati ali kuseri kwa chitseko, munakweza kwambiri, ndipo mupumitse makutu mpaka mawa. Kumvera m'basi kapena mumsewu n'koopsa pa chifukwa chomwechi: phokoso la injini limaphimba besi, inu n'kumakweza kuti muipeze.

Ulendo woyamba: chonse, osadumpha

Patulani ola limodzi, foni ikhale chafufumimba. Mverani nyimbo zisanu zoyamba, Like Rats mpaka Head Dirt, pumani mphindi zisanu monga amachitira wotembenuza chimbale cha pulasitiki, kenako mumalize zisanu zotsalazo. Musafufuze mawu a nyimbo, musayesenso kusankha yokukondweretsani. Cholinga cha ulendowu n'choti thupi lizolowere liwiro lake, limene ndi lochedwa kuposa mmene dzina loti metal limakuyembekezetsani. Ngati pofika pakati mwatopa, zimenezo si zachilendo. Chimbalechi anachipanga kuti chilemere, ndipo kutopako n'kumene kumachititsa kuti kusintha kwakung'ono kulikonse kumveke kwakukulu.

Ulendo wachiwiri: makina okha

Apa m'pamene chimbale chimatseguka, choncho musafulumire. Tsiku lina, bwererani ku Christbait Rising, nyimbo yachiwiri, ya mphindi pafupifupi 7. Iwalani gitala. Pezani ng'oma yaikulu yapansi ndi snare, ng'oma yaing'ono yolira mouma, muziwerenga 1, 2, 3, 4, phazi likugunda pansi. Mukapeza pamene snare ikugwera, yambani kumvetsera zimene ng'oma yapansi ikuchita pakati pa ma snare awiri. Mudzaona kuti sikugunda mowongoka ngati mu rock. Imadumphadumpha, kugwera pambali pa chiwerengero, n'kusiya timipata. Kameneka ndi kagundidwe ka hip hop. Broadrick mwiniwake ananena kuti pa nyimboyi ankayesa kutengera kagundidwe ka Microphone Fiend ya Eric B. & Rakim. Mukangomva zimenezi, mutu umayamba kugwedezeka mwa mtundu wina, chopita pansi ndi m'mbali, ndipo nyimbo imene inkamveka ngati khoma imasanduka yovinika.

Kenako pitani ku Pulp. Kuno makina akuchita zimene munthu sangachite kwa mphindi zinayi osasintha: kugunda kothinana, kofanana mphamvu, kosapuma. Wa ng'oma weniweni amafulumira pang'ono nyimbo ikatentha, amachedwa pang'ono akatopa, dzanja lina limamenya mofewa kuposa linzake. Makina alibe zonsezi. Amene anakhalapo pachigayo kudikira ufa akudziwa mmene phokoso losasintha limayambira kukhala ndi nyimbo mkati mwake mukalimvera nthawi yaitali, ndipo izi n'zimene a Godflesh akufuna kuti zikuchitikireni. Kuuma kwa makinawo ndiko kumapatsa besi ndi mawu mphamvu, chifukwa anthu awiriwo akumveka akulimbana ndi chinthu chosawamvera.

Ngati mukufuna kudziwa liwiro la nyimbo, werengani kugunda kwa phazi lanu kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ka 4. Chitani izi pa nyimbo zitatu zosiyana. Ambiri amalakwitsa powerenga zitsulo zapamwamba m'malo mwa snare, n'kupeza nambala yowirikiza kawiri, kenako n'kumaganiza kuti nyimboyo ndi yothamanga. Tsatani snare. Mvetseraninso malo amene kagundidwe kamasintha. Popeza makina saika tokometsera pakutha pa mzere uliwonse monga amachitira anthu, kusinthako kumangobwera osachenjeza, ndipo nthawi zambiri m'pamene gawo latsopano la nyimbo layambira. Ma chorus oti muwadikire ndi ochepa muno. Chimene chimakuuzani pamene muli ndi makinawo.

Ulendo wachitatu: besi

M'magulu ambiri a metal besi imangotsata gitala ndipo simveka payokha. Muno zinthu zatembenuka. Besi ya Green ndiyo imanyamula riff, kamzere ka manoti kobwerezedwa kamene nyimbo yakhazikikapo, ndipo ili ndi mawu awiri nthawi imodzi: chimkokomo chapansi chomveka pachifuwa, ndi kukhetchera kwachitsulo pamwamba pake, kochokera ku distortion ndi nsambo zokhwefuka zomenya pa khosi la besi. Yambani ndi Like Rats. Yesani kung'ung'udza chapansipansi zimene besi ikuimba. Mudzapeza kuti ndi manoti ochepa, ena oyandikana kwambiri, ndipo kuyandikanako n'kumene kumabweretsa kusakhazikika mumtima.

Mukatha kuing'ung'udza, onani mgwirizano wake ndi ng'oma yapansi. Pali malo amene ziwirizi zimagwera pamodzi ndendende, n'kumveka ngati chida chimodzi chachikulu, ndipo pali malo amene besi imakoka noti yaitali makina akupitiriza pansi pake. Kulemera kwa chimbalechi kumachokera pa kugwera pamodziko. Ngati pa zomverera zanu simungathe kusiyanitsa besi ndi ng'oma yapansi, bwererani ku nkhani ya ngodya ndi bass boost ija.

Gitala ndi mawu

Gitala ya Broadrick nthawi zambiri ili pamwamba, ikukuwa, ikulira feedback, ikuimba manoti osagwirizana dala. Musaifunse nyimbo yoti muiimbe mluzu. Muziimva ngati mpweya wozungulira besi, ndipo muzitsata pamene yatsika kudzagwirizana ndi besi ndi pamene yachokapo. Kumapeto kwa Head Dirt kuli gawo lalitali la phokoso la gitala limene ambiri amalidumpha. Likhalireni. Feedback ili ndi noti yake, imakwera ndi kutsika malinga ndi mmene woimba waimira pafupi ndi amplifaya, ndipo pa mahedifoni abwino mudzamva mizere ingapo ikupotana.

Mawu a nyimbo ndi ochepa, mizere yaifupi yobwerezedwa, yokuwidwa mokhadzula kapena kukokedwa ndi echo. Nkhani zake n'zakuda: kunyansidwa ndi khalidwe la anthu, chipembedzo, ulamuliro, imfa. Chithunzi cha pachikuto, cha anthu opachikidwa kumbuyo kukuyaka moto, chinatengedwa mufilimu ya Altered States ya 1980. Amene nkhani zotere zimamuvuta adziwiretu. Powerenga mawuwo musayembekeze nthano yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Mvetserani pamene liwu lagwera poyerekeza ndi snare, chifukwa Broadrick amaligwiritsa ntchito ngati ng'oma ina.

Mbali yachiwiri ndi ina

Nyimbo zisanu zoyamba anazijambulira ku Birmingham, zisanu zotsatira ku Derby, ndipo khutu limamva kusiyanako. Mbali yachiwiri ndi yotakasuka, yauve pang'ono, yodzaza magitala chifukwa cha Neville, ndipo zina mwa nyimbo zake, monga Life Is Easy, zinachokera m'nthawi ya Fall of Because. Ambiri amakonda mbali yoyamba msanga chifukwa kagundidwe kake n'kogwirika, n'kumaiona yachiwiri ngati yotsalira. Ife timaona kuti kumeneko n'kulakwitsa. Ipatseni tsiku lakelake, muyambire pa Devastator makutu asanatope, ndipo muziyesa kulekanitsa magitala awiriwo, ina yogwira riff, ina yongoyandama pamwamba. Nyimbo ya Streetcleaner imayamba ndi mawu ojambulidwa a munthu akulankhula. Musakweze voliyumu kuti mumve zimene akunena, chifukwa gulu lonse likamalowa limalowa ndi mphamvu zonse.

Mukapeza chimbale cha pulasitiki

Chimazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi. Singano ikanikize molingana ndi zimene anaipanga analemba, kawirikawiri pafupifupi magalamu awiri. Yezani ndi kasikelo, osangoyerekeza. Yopepuka kwambiri imadumpha besi ikagunda ndipo imakanda mizere kuposa yolemera pang'ono. Choimbiracho chisakhale patebulo limodzi ndi masipika, chifukwa kunjenjemera kumabwerera kusingano n'kuyambitsa chimkokomo chokulirakulira chimene pa nyimbo zoterezi mungachiyese mbali ya chimbale. Kuti mudziwe, ikani singano pa chimbale chisakuzungulira, kwezani voliyumu pang'onopang'ono, gogodani tebulo ndi chala. Mkokomo ukapitirira m'malo mozima msanga, sunthani masipika. Pukutani fumbi ndi burashi yofewa musanaimbe mbali iliyonse, ndipo muzisunga chimbalecho choimirira, kutali ndi dzuwa.

Kopita mukachoka pano

Njira yabwino yodziwira chimene Streetcleaner inachita n'kuiyerekeza ndi zoyandikana nayo. Kumbuyo kwake kuli Swans ya ku New York ya zaka zoyambirira za m'ma 1980, kumene kunachokera kuchedwa ndi kubwerezabwereza, Killing Joke, kumene kunachokera gitala yolira mozizira, ndi Big Black ya ku America, imene inkaimbanso ndi makina a ng'oma. Nyimbo za Godflesh amazitcha industrial metal, ndipo dzina loti industrial linachokera ku Industrial Records, kampani ya gulu la Throbbing Gristle, limene Broadrick ankalimvera ali mwana.

Kutsogolo kwake, tengani Psalm 69 ya Ministry ya 1992 ndi Demanufacture ya Fear Factory ya 1995, muzimvere mwa dongosolo lomwe lija, ng'oma poyamba, besi pambuyo. Mu Ministry mudzapeza liwiro ndi ma riff a thrash, metal yothamanga, odulidwa mofanana, gitala ndiyo ikulamula. Mu Fear Factory ng'oma akuimba ndi munthu, Raymond Herrera, koma akuyesetsa kumveka ngati makina, mapazi ake awiri akugwera pamodzi ndi dzanja lamanja la Dino Cazares pa noti iliyonse. Mu Demanufacture mulinso Dog Day Sunrise, nyimbo ya Head of David, gulu lija Broadrick ankaimbamo ng'oma. Poyerekeza, linganizani voliyumu ndi khutu musanaweruze, chifukwa zimbale za pakati pa zaka za m'ma 1990 zinatuluka zokwera kuposa CD ya 1989, ndipo chokwera chimamveka ngati cholemera ngakhale chisali. Tsitsani chatsopanocho mpaka ma snare a zimbale ziwirizo amveke mofanana mphamvu, kenako mverani mphindi imodzi ya Pulp ndi mphindi imodzi ya nyimbo yoyamba ya Demanufacture motsatizana, khutu lili pa besi.